Alamu a "Tsogolani, Ndikupezani"

Ana inu amene munakulira kumapiri, mchenga simuudziwa. Kuchigwa, m'boma la Chikwawa, kuli mitsinje imene m'chilimwe imaphwa n'kutsala mchenga wokhawokha, woyera mbee, wotambalala moti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati kamwana. Nkhani yathu inachitika pa kamsika kena m'mbali mwa mtsinje wotere, zaka zambiri zapitazo.

Pamsikapo panali mayi wogulitsa zitenje, dzina lake Esinati Chapepa. Tsiku lina anapita kuchipatala akudandaula mutu ndi chizungulire. Adokotala atamuyeza anati, "Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mukafuna kuti afatse, yambani kuthamanga ndinu."

Esinati anayambadi. Masiku oyamba anthu ankamufunsa moseka kuti akumuthamangitsa ndani, koma iye ankangopitirira. Patapita mwezi anapeza mnzake, a Fombe, mphunzitsi wopuma ntchito, wa mimba yotsogola, amene akathamanga ankapuma ngati mvukuto. Awiriwa ankakumana pamjigo m'bandakucha. Liwiro analibe, koma ankadikirana. Wina akatopa mnzake ankachepetsa phazi, ndipo botolo la madzi linali limodzi.

Wachitatu kulowa m'gululi anali Zuze, mng'ono wa amuna ake a Esinati, wokonza njinga pansi pa mtengo wa m'bawa. Ameneyu ndiye anali ndi miyendo. Ali pasukulu panalibe womupitirira, ndipo nkhani imeneyi ankaifotokoza ngakhale kwa amene sanamufunse. Vuto lake linali limodzi: nthawi ya pangano sankaisunga. Esinati ankachita kupita kukagogoda pakhomo pake.

"Alamu, kunja kwacha! Aphunzitsi atopa n'kuima pamjigo."

"Tsogolani, ndikupezani," ankayankha Zuze ali m'bulangete.

Chowawa kwambiri n'choti ankawapezadi. Asanafike n'komwe pamlatho ankangomva mapazi kumbuyo, phaphapha, uyo wawadutsa akuimba mluzu. Nthawi zina ankatembenuka n'kumathamanga chafutambuyo, akuwafunsa ngati akufuna awaberekere kumsana. Esinati ankakukuta mano.

"Aphunzitsi, munthu uyu adzandipha ndi mtima, matenda aja asanandiphe," anatero tsiku lina.

"Musiyeni, mayi," anayankha a Fombe akupuma mwawefuwefu. "Ana oterewa ndawaphunzitsa ambiri. Mayeso ndi amene amawalangiza."

Chaka chimenecho bungwe lina linakonza mpikisano wa anthu wamba. Mtunda unali makilomita khumi, ndipo anthu ankapikisana m'magulu a atatuatatu. Lamulo linali loti gulu liziwerengedwa kuti lafika pokhapokha wachitatu ataponda mzere. Mphotho yake inali njinga yokoka kangolo konyamulira odwala. Esinati atamva zimenezi anaifuna njingayo ndi mtima wonse. Chipatala chinali kutali ndi kwawo, ndipo miyezi iwiri yapitayo mnzake wa pamsika anaberekera panjira, atanyamulidwa pachitseko.

"Njinga imeneyo ikubwera kuno," anatero. "Kaya tikwawa, koma ikubwera."

A Fombe anakafufuza njira ya mpikisano n'kubwerako nkhope itagwa. Anati makilomita awiri a pakati adzadutsa mumtsinje, mumchenga mwenimweni. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi Esinati ankatsikira kumtsinje katatu pamlungu. Ulendo woyamba anagwa onse awiri. Pang'ono ndi pang'ono anaudziwa mchenga: kuti sufuna kutaya miyendo patali, ufuna timapazi tifupitifupi, ndiponso kuti wa m'mbuyo akamaponda m'mapazi mwa wa patsogolo satitimira kwambiri. Choncho ankasinthana kutsogola, uyu akatopa uyo n'kulowa.

Zuze kumtsinje sanapondeko. Akamva kuti lero ndi la mchenga, tulo take tinkakoma kwambiri.

"Alamu, ndakupemphani kangati?" anafunsa Esinati ataima pa m'bawa paja, manja ali m'chiuno. "Bwerani kamodzi kokha mudzauone."

"Mchenga ndi dothi basi, alamu," anayankha Zuze akupopa tayala. "Mwendo ndi womwewu. Inu dandaulani za aphunzitsi anuwo, kuti mimba ija idzafika bwanji."

Esinati anatembenuka. Anachoka akupukusa mutu, n'kukakalipira amuna ake kunyumba chifukwa chobadwa ndi mng'ono wotero.

Tsiku la mpikisano linafika. Magulu analipo khumi ndi awiri, ndipo kunatentha kuyambira m'mawa. Chodabwitsa, Zuze anafika pa nthawi yake, atavala kabudula wofiira watsopano. Esinati anati mwina munthu wasintha. Koma oyang'anira akuitana anthu pamzere, panatulukira bambo wina akukankha njinga yophwa tayala. Zuze anayang'ana khamu la anthu lija, n'kuona kuti mwayi wodzionetsera ndi umenewu. Anagwada n'kuyamba kumasula tayala.

"Alamu!" anakuwa Esinati. "Mwapenga kodi? Wenzulo ikulira tsopano lino!"

"Ntchito ya mphindi zisanu iyi," anatero Zuze mokweza kuti onse amve. "Tsogolani, ndikupezani."

Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Wenzulo inalira. Esinati ananyamuka misozi ya mkwiyo ili m'maso.

Pamsewu wouma magulu ambiri anawadutsa. Koma atatsikira mumtsinje zinthu zinatembenuka. Anyamata amene anawasiya kumbuyo aja anawapeza akupepesuka, ena atakhala pansi kukhutula mchenga m'nsapato. Esinati ndi a Fombe anangolowa mumzere wawo, timapazi tifupitifupi, kusinthana, kumwa madzi pang'ono, kupitirira. Anadutsa gulu loyamba, lachiwiri, lachisanu. Atafika pokwerera kumtunda, woyang'anira amene anaima pamenepo anawauza kuti patsogolo pawo palibe wina aliyense.

"Aphunzitsi, mwamva?" anatero Esinati. "Ndife oyamba!"

"Ndife awiri, mayi," anayankha a Fombe.

Apo m'pamene Esinati anacheuka. Kutali, pakati pa mchenga woyera uja, panali kadontho kofiira. Zuze anali atathamanga ngati mphepo pamsewu, ndipo polowa mumtsinje anzake ankawaona bwinobwino patsogolo pake. Anati awadutse monga mwa masiku onse. Koma akati ataye mwendo, phazi linkalowa mpaka m'kakolo. Akawonjezera mphamvu, mchenga nawo unkawonjezera kumeza. Anzake aja sankayandikira, ankangocheperachepera. Madzi analibe, poti botolo linali ndi Esinati. Mapeto ake minofu ya m'miyendo inakokana, ndipo anagwa chafufumimba.

Esinati anaima akuyang'ana kadontho kaja, kenaka anayang'ana msewu wopita kumzere womaliza. Gulu lina, la anyamata ogwira ntchito kumpanda wa ng'ombe, linawadutsa, atatu onse pamodzi. Linadutsanso lina.

"Ndikanakhala ndi mtima woipa ndikanamusiya pomwepo, akhwangwala amulangize," anatero Esinati.

"Koma mulibe," anayankha a Fombe. "Tiyeni."

Anabwerera mumchenga muja, woyang'anira uja akuwatsatira. Zuze anamupeza milomo itauma gwa, nkhope yonse ili mchenga. Esinati anamumwetsa madzi otsalawo, a Fombe akumuwongola miyendo. Pamene ankachita zimenezi pakamwa pa Esinati sipanapume.

"Mundiberekera kumsana lero, alamu? Mluzu uja uli kuti? Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikugogoda pakhomo panu ngati wopempha mchere! Pamsewu munkatipeza chifukwa nthaka inkakuthandizani. Muno mulibe chokuthandizani koma anzanu, ndipo anzanuwo munawauza kuti atsogole. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, alamu! Mwamva?"

"Ndamva, alamu," anayankha Zuze motsitsa. Aka kanali koyamba kuti asawonjezere mawu.

Anamuimiritsa n'kumuika pakati. Esinati anatsogola, Zuze akuponda m'mapazi mwake ngati mwana wophunzira kuyenda, a Fombe kumbuyo akumugwiriziza akafuna kugwa. Pamzere womaliza anafika achisanu ndi chinayi. Njinga ija anaiona ndi maso okha, anyamata a kumpanda wa ng'ombe akuikankha kupita kwawo uku akuimba.

Esinati anatha milungu iwiri osamulankhula mlamu wake. Zuze manyazi anamugwira moti anatola zitsulo zakale pamalo ake a ntchito, n'kulumikiza yekha kangolo ka matayala awiri. Sikanali kokongola, ndipo kankalira kwiikwii njira yonse, koma odwala kankawafikitsa kuchipatala. Atakabweretsa pamsika, Esinati anakazungulira kawiri, n'kunena kuti, "Mawa pamjigo. Mukachedwa musabwere." Mawu amene ananena mumtsinje muja woyang'anira uja anawamva, ndipo anawafalitsa mpaka anafika m'midzi imene Zuze sanapondemo.

Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa Esinati, ndipo sindingatsutsane nawo. Ine ndakufotokozerani monga ndinamvera. Chofunika n'choti muugwire tanthauzo: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pa zinthu zopepuka, wochedwa amatha kupeza anzake. Koma pali ntchito zina zolemetsa ngati mchenga, monga sukulu, ulimi, kapena chilichonse chimene anthu agwirizana kuchitira pamodzi. Pa zoterezi, ukalola anzako kunyamuka iwe ukuti udzawapeza, mphamvu zako sizikupindulira kanthu, chifukwa pamene ukuvutika kutseka mpata, iwonso akupita. Ndipo ngati anzakowo ali okukonda, adzabwerera kudzakutenga, n'kutaya chimene akanapata chifukwa cha iwe. Choncho anzanu akamati tiyeni, dzukani nthawi yomweyo. Yathera pamenepa, kasewerenitu.