Theche la Limbikani ndi Mlamu Wopha Mbuzi

Pakhomo pa mayi ake a Limbikani, kuseri kwa msika wa Mbulumbuzi, anthu sankadzutsidwa ndi tambala. Ankadzutsidwa ndi thumba la mchenga lolendewera mumtengo wa mango, likamalira phu! phu! ndi mateche a mnyamatayo. Limbikani anaphunzira karate ku Limbe ali kondakitala wa minibasi. Atabwerera kumudzi n'kuyamba kabaza wa njinga yamoto, anatchuka ndi theche limodzi: mwendo wamanja unkakwera mpaka pakhutu pa munthu wamtali, n'kubwerera pansi diso lisanaphethire.

Chaka chimenecho akuba anavuta. Ankabwera ngati makasitomala, n'kupempha wakabaza kuti awaperekeze kutali, koma pofika pakati pa minda ankamulanda njinga. Anyamata a pasiteji ya kabaza anapempha Limbikani kuti aziwaphunzitsa kudziteteza, ndipo dzuwa likapendeka ankasonkhana pansi pa mango paja. Wolimbikira kuposa onse anali Fortune, mnyamata wa pakamwa pozuna, wosatopa ndi kuomba m'manja.

"A Masta, tabwerezaninso pang'onopang'ono," ankatero. "Mwendo umenewu ndi mphezi!"

Koma pakhomopo panali munthu mmodzi amene sankaomba m'manja. Anali a Sabiti, mkamwini amene anakwatira Anjelina, mlongo wake wa Limbikani. Ankapha mbuzi pamsika. Ena ankati kwawo ndi ku Namwera, ena ankati anakhalitsa ku Joni, koma eni akewo za kale lawo sankazitchula. Phunziro likayamba, ankakhala pakhonde n'kumanola mpeni, maso ali pa mwendo wa Limbikani. Osati pankhope, pamwendo. Limbikani zimenezi zinkamudya mumtima. Munthu wanji wosaseka, wosayamikira, wongoyang'ana ngati akuyeza nyama yoti asende? Nanga kuba njinga kuja, sikunayambe nyengo yomwe mkamwiniyu anafika?

Tsiku lina a Sabiti anaika mpeni pansi, n'kuyenda kudzaima pakati pa bwalo.

"Alamu, tandimenyani theche lanu lija."

Anyamata anafa nacho chikhakhali. Limbikani anati, "Mukufuna mlongo wanga akhale namfedwa?"

"Menyani basi."

Mwendo unanyamuka. Usanafike pakhutu, a Sabiti anasendera mkati, ndipo mwendo uja unapezeka uli kukhwapa kwawo ngati nkhuku yopita kumsika. Limbikani anatsala ndi mwendo umodzi, akudumphadumpha, akukoka, koma kunali ngati wakodwa pa mphanda ya mtengo.

"Taonani," anatero a Sabiti motsitsa mawu. "Mukukoka, ndiponso mukugonera kumbuyo. Ndikangotukula, mutu wanu uli pansi. Ndikapotoza, bondo latha. Munthu akakugwirani chonchi musamuthawe. Pindani bondo, dumphirani kwa iye, mumukole khosi ndi manja onse awiri, mumulemere. Akawerama, pondani pansi mwamphamvu, mwendo umasuka. Koma choposa zonse, pamsewu theche lisamapitirire bondo la mdani. Lakumutu ndi la pachionetsero."

Anautsitsa mwendowo mosamala, n'kubwerera kukhonde.  Limbikani nkhope inatentha ngati wawerama pa makala. Apo Fortune anamuyandikira, n'kumunong'oneza: "A Masta, kagwiridwe aka ndi ka mbava. Munthu wamba angakadziwire kuti?"

Mawuwo anagwera pa nthaka yonyowa kale. M'mawa mwake Limbikani anamupeza Anjelina akutsuka mbale kuseri.

"Iwe, mwamuna wakoyu umamudziwa bwino?"

"Achimwene, amangofuna kukuthandizani."

"Kundithandiza, kapena kundiyeza? Masiku onsewa wakhala akuuwerenga mwendo wanga. Akufuna akauze anzake a kutchire pogwira."

"Chonde achimwene, mawu amenewo asatuluke pakhomo pano."

Koma anatuluka. Limbikani anauza anzake a pasiteji kuti asamale ndi munthu wopha mbuzi uja, ndipo nkhani inathamanga pamsika ngati moto wa lupsa. Amayi anayamba kulambalala benchi ya a Sabiti, nyama n'kumada ili pachingwe. Anjelina akafika pamjigo, macheza ankaduka. A Sabiti sanayankhe kanthu, ndipo Limbikani kukhala chete komweko anakutenga ngati umboni. Wosalakwa akanakalipa. A Sabiti akamupatsa moni, Limbikani ankati akufuna kumugoneka tulo. Akapanda kumupatsa, ankati mtima ukuwatsutsa. Anyamata ena atapempha kuti ayeserere njira yomasula mwendo ija, iye anakana kwamtuwagalu.

"Theche langa siligwidwa. Tsiku lija ndinangowamvera chisoni."

Nandolo atauma m'minda, masana ena panafika bambo wovala jekete yabwino, atanyamula kachikwama. Anati akupita ku Kadewere, ndipo akufuna njira yachidule chifukwa wachedwa kumaliro. Fortune ndi amene anamulozera kwa Limbikani, nati, "Kwerani iyi, ndi yothamanga."

Atalowa pakati pa minda, kopanda nyumba, bamboyo anapempha kuti akataye madzi. Limbikani anaima, n'kutsika kuti awongole msana. Potembenuka anaona dzanja la bamboyo lili pa kiyi.

"Siya njinga, uzipita wamoyo," anatero munthuyo.

Limbikani mtima unagunda, koma osati ndi mantha. Tsiku loonetsa anthu linali lafika. Munthuyo anaima modabwitsa, mutu ataupereka poyera ngati woitanira mlendo m'nyumba. Limbikani sanadzifunse chifukwa chake. Mwendo wamanja unanyamuka ndi mphamvu zake zonse.

Unathera kukhwapa.

Pa kamphindi komweko mawu a mlamu wake anamveka m'mutu mwake bwinobwino: pinda bondo, dumphira kwa iye, mkole khosi. Koma zomwe khutu linamva, thupi linali lisanaziphunzire. Thupi linachita zomwe linkadziwa: linakoka, n'kugonera kumbuyo. Munthu uja anatukula mwendowo n'kuupotoza. Bondo linalira thwa! ngati nthambi youma, ndipo Limbikani anagwa chagada, mutu n'kumenya pamzere. Ali gone, anamva mapazi a munthu wachiwiri akutuluka m'nandolo, kenako kulira kwa njinga yake kukuzilala kutali.

Anamutola ndi amayi ochokera kothyola nandolo, ndipo mmodzi anaimba foni kumsika. Woyamba kufika anali a Sabiti, epuloni ya magazi a mbuzi ili m'thupi. Anamubereka kumsana mpaka pamsewu, n'kupeza galimoto yopita kuchipatala cha Nguludi. Limbikani, ululu uli tho, ankangodzifunsa kuti, afika bwanji msanga chonchi? Ankadziwa pomwe ndagwera?

M'chipatalamo a Sabiti ndi amene anakhala womudikirira. Ankamunyamula popita kuchimbudzi, kumupukuta, kumutembenuza. Koma akabweretsa phala, Limbikani ankalikankhira pambali mpaka Anjelina alawe kaye. Anjelina ankalawa, misozi ikugwera m'bakuli momwemo.

Lamulungu lotsatira kunabwera Calvin, wapampando wa anyamata a pasiteji. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kumapotokola chipewa chake.

"Aise, Fortune sakuoneka chichitikireni ngoziyi. Kunyumba kwake kuli loko. Dzulo mnzathu wina wopita ku Muloza wamuona ali pa njinga yako, akulowera ku Mozambiki. Kumbuyo anakweza bambo wa jekete."

 Limbikani anatembenukira kukhoma, ndipo Calvin anachoka osatsanzikidwa. Kenako Limbikani anaitana ndi mawu osasa.

"Alamu."

"Ndili pano."

"Kagwiridwe kaja munakadziwira kuti?"

A Sabiti anapinda thalauza la mwendo wamanzere. Pabondo panali chipsera chachitali, chosokedwa ngati thumba la chimanga.

"Ndinali mlonda pa sitolo ina ku Joni. Inenso ndinali ndi theche lokongola, anthu ankaombera m'manja. Wina analigwira. Nditachira, ndinapita kwa odziwa kuti andiphunzitse zomwe ndinakuuzani zija. Ndikamaona mwendo wanu ukukwera, langa bondo linkachita kuwawa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanenatu, alamu. Mwina ndinalakwa kunenera pagulu. Koma anyamata aja nawonso ali ndi mawondo."

Limbikani anabisa nkhope m'bulangete, mapewa akugwedezeka. A Sabiti anangotsitsa thalauza lawo, n'kupita kukatunga madzi.

Adokotala ananena mosabisa kuti mwendowo udzayenda, koma sudzakweranso. Atatuluka m'chipatala, Limbikani sanayambire kunyumba. Anapempha kuti amutsitse pamsika, tsiku la msika weniweni, ndipo anatsimphina ndi ndodo zake mpaka pa benchi ya a Sabiti. Anthu anaunjikana. Iye anakweza mawu kuti ngakhale ogulitsa tomato kumapeto amve.

"Bodza lija ndinafesa ndine. Munthu uyu amandichenjeza, ine ndinamutcha mbava. Mbava yeniyeni ndinkadya nayo m'mbale imodzi."

Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, monga amabwerera madzi pachitsime chophwa. Anjelina anayambanso kuseka pamjigo. Koma njinga sinapezeke, ndipo bondo lija limamukumbutsa Limbikani nthawi zonse kukazizira. Amene ankamuombera m'manja ndi amene anamugulitsa. Amene anamuchititsa manyazi ndi amene anamubereka. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.