Bokosi la Singano Zitatu

Panali munthu wina kwathu kuja, wokonza mawailesi. Bambo a Lonjezo, khalani kaye, musakweze mawu, amayi anu ali pakhondepo. Khumbi la mkuluyo linkanunkhira mtovu wosungunuka, ana nkumaunjikana pazenera mpaka kuiwala kusukulu. Masiku okoma aja.

Kumeneko kunali abale atatu, madimba awo ankamwa ngalande imodzi. Wina akatsegula kwake, kwa anzake kumauma. Mikangano osatha. Ndiye anapita kwa mkulu wa mawailesi uja.

Iye anatenga thabwa, mabatire ndi tizitsulo ta m'mawailesi akufa, nkupanga bokosi. Anaikapo singano zitatu, iliyonse ya dimba lake, nkuzilumikiza ndi mawaya.

"Magetsi amayenda ngati madzi," anatero mkuluyo. "Timabatani iti ndapotokola molingana ndi kukula kwa madimba anu. Singano zikaima, aliyense atsegule kwake mofika pomwe yake yaloza. Mawayawa musawakhudze, singanozi zimamverana."

Singano zinagwedera, zinagwedera, kenako zii, zonse pamodzi. Chaka chimenecho anyezi ankachita kung'amba nthaka. Akazi a abalewo ankatsika kudimba akuimba, osaopa kuti amuna awo atemana.

Koma wamng'ono mwa abalewo mtima sunakhale pansi. Singano yake inali yotsikirapo, poti dimba lake linali laling'ono.

"Yangayi akuipondereza," ankatero.

Tsiku lina mkulu uja ali kumaliro, wamng'onoyo analowa m'khumbimo ndi mpeni, nkudula mawaya olumikiza singano yake ndi za abale ake. Singanoyo inathamanga mpaka kumapeto.

"Si izi! Madzi ambiri ndi anga."

Anathamangira kudimba, nkutseka kwa abale ake, kwake nkutsegula konse. Madzi anasowa kolowera. Anakokolola mbande zake zonse, ndi dothi lomwe.

Mkulu uja pobwera anangoyang'ana mawaya odukawo.

"Mphwanga, singano yodulidwa siyankha. Imangokuwa."

Bambo a Lonjezo, amuna anga, tandimverani. Kuyambira m'mawa mukuwerengera nokha madzi anu, achimwene anu mwawachotsamo. Mukakatseka kwawoko, madzi onsewo atsikira m'dimba mwathu nkukokolola chimanga, ndipo chimangacho ndi chomwe mwanayu adye mvula isanagwe. Bokosi lija kulibenso, mkulu uja anapita kale. Tatsala ndi pakamwa pokha, mukakambirane nawo.

Ikani khasulo pansi. Mundigwirireko mwanayu.