Chifuwa cha m'khola

Kalekale, kuseri kwa phiri la Dedza, kunali mayi wamasiye dzina lake Nangozo. Mwamuna wake anamwalira ndi chifuwa, n'kumusiyira ng'ombe imodzi yamkaka ndi kamdzukulu kotchedwa Ndaziona, kamene kankakonda mkaka wosawiritsa, ukadali wofunda.

Maliro atatha, ng'ombeyo inayamba kutsokomola m'mawa uliwonse. Nangozo ankangoima ndowa ili m'manja, chifukwa katsokomoledweko kanali ka malemu: kawiri motsitsa, kenako kukoka mpweya. Koma ng'ombe inali yonenepa, mkaka wake woyera bwino. Amene ankaonda anali Ndaziona.

Mlamu wa Nangozo, a Kaphuka, atachimva chifuwacho anabwerera chafutambuyo. "Alamu, akutsokomolawo ndi achimwene. Mwana asalawenso mkaka wa akufa." Ndaziona anasiya kumwa tsiku lomwelo.

Nasimango, mnzake wa Nangozo m'gulu la alimi a mkaka, zigubu zodzadza za Nangozo zinkamuwawa. Anapita kwa alangizi a ziweto. "Mfiti ija imathira zinthu mumkaka. Kauyezeni muone." Linali bodza, koma ndi limene linawabweretsa pakhomopo.

Alangiziwo, a Likoswe, anakama pang'ono m'kabotolo n'kutumiza kokayeza. Tsiku limene anabwera ndi yankho anakana mpando. "Zothira mulibe, mayi. Muli tizilombo ta chifuwa chachikulu. Mwanayu apite kuchipatala lero." Ng'ombe anaipha n'kuikwirira yathunthu, osalola munthu kudulako ngakhale mchira.

Ndaziona anachira.

M'mawa wina Nangozo anamvanso chifuwa chija pafupi ndi khola lopanda kanthu: kawiri motsitsa, kenako kukoka mpweya. Anayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndiye anazindikira kuti dzanja lake lili pakamwa.

Asananyamuke kupita kuchipatala, anagwira tambala, chiweto chokhacho chimene chinatsala, kuti akathokoze amene anapulumutsa mdzukulu wake. Anafika pamphambano n'kuima. A Kaphuka anachotsa chikho pakamwa pa mwana, koma poopa mzimu. Nasimango ankafuna kuchititsa manyazi Nangozo, komabe popanda nsanje yake mkaka sukanayezedwa. A Likoswe anapeza matenda enieni, pogwira ntchito imene anawalembera, n'kumusiya wopanda ng'ombe.

Nanga inu, mukanakhala Nangozo pamphambano paja, tambalayo mukanalowa naye pakhomo pa yani?