Ng'ombe imene Shehe Ajasi anakana kuzinga

Tinali mkati motuta mchenga wa kumtsinje, ife amayi a sukulu ya kwacha, pamene Che Makwinja anatulukira pa njinga yawo. Chipinda chimene timaphunziriramo kuseri kwa mzikiti chinkafunika pulasitala mvula isanagwe, ndipo amuna amene analonjeza kudzathandiza sanaoneke. Analipo ndi Shehe Ajasi okha, mkanjo ataupinda mpaka m'mawondo, akusakaniza simenti ndi fosholo ngati waganyu, chonsecho ndi munthu waimvi amene anaphunzitsa theka la mudzi uno kuswali.

Che Makwinja anapereka salamu phazi limodzi lidakali pa pedulo. Shehe anatsamiritsa fosholo, anasamba m'manja m'ndowa ya madzi, anayankha salamu yonse osaidula, n'kufunsa za kunyumba.

"Kunyumba kulibe mtendere, Shehe. Tengani mpeni wanu tizipita. Ng'ombe ija ikufa, ndikufuna muizinge isanatsirizike."

Ng'ombeyo tonse tinkaidziwa. Ku gulu la alimi a mkaka kuno ku Chiradzulu inkatchedwa ya Che Makwinja, amenenso ndi wapampando wa gululo. Koma womweta nsenjere, wotunga madzi, wokama ndi wosenza chigubu anali mkazi wawo, Abiti Sanudi, mnzanga wa m'kalasi. Ankafika mochedwa tsiku lililonse, zala zitachekekachekeka ndi nsenjere moti pensulo ankaigwira ngati mpini. Zimene zinachitika m'kholamo anali atandiuza yekha pamjigo, misozi ili m'maso.

Sabata imeneyo ng'ombe inabereka thole lalikazi popanda vuto, koma nsengwa, chija chimatuluka pambuyo pa mwana, inakanirira. Mbali ina inkalendewera kumbuyo, yotsala ili mkati. Abiti Sanudi anaimbira mlangizi wa ziweto, amene tsikulo anali kutali. Mlangizi anamuuza kuti asakoke ngakhale pang'ono, chifukwa nsengwa imagwirana ndi chiberekero m'malo ambiri ndipo wokoka amang'amba mkati. Anati angodula cholendeweracho kuti chisakhudze ndowe, asese khola, aziyang'anira ngati ng'ombe ikudya, poti nthawi zambiri chotsalacho chimafewa n'kugwa chokha. Ikasiya kudya kapena ikatentha thupi, aimbenso msanga.

Koma Che Makwinja anali ataitana anzawo a komiti kudzaona thole, ndipo sanafune kuti alendo apeze ng'ombe ya wapampando ikulendewera chinthu chonunkha. Anati amalume awo ankaweta ng'ombe mlangiziyo asanabadwe, ndipo mankhwala ake unali mwala. Anamangirira mwala kunsengwa ndi chingwe. Mkazi wawo anagwada kuwadandaulira, iwo anamuyankha kuti sukulu ya kwacha yamukulitsa mtima. Mwala utalephera, anakulunga nsengwa pa kamtengo n'kukoka ndi mphamvu zonse. Inaduka, magazi anatsatira. Alendo anapeza ng'ombe yosalendewera kanthu, anamwa tiyi, anayamikira wapampando wawo.

Posakhalitsa ng'ombe inasiya kudya, thupi linatentha, kumbuyo kunayamba kutuluka zoipa. Mlangizi atafika anaibaya jakisoni, koma ananena poyera kuti chiyembekezo n'chochepa, ndi kuti kaya ichira kaya ifa, mkaka wake kapena nyama yake munthu asayerekeze kuika pakamwa.

Zonsezi Che Makwinja sanazitchule pamzikiti paja. Shehe anangoti apite akaione kaye. Ine ndinakhuthula mchenga wanga pomwepo n'kuwalondola, chifukwa mtima wanga sukanandilola kutsala.

Fungo linatichingamira tisanafike pakhola. Ng'ombe inali chigonere, khosi litatambalala pansi, ikupuma mobanika, ntchentche zili ng'waa. Abiti Sanudi anakhala pambali pake akuiingitsa ntchentchezo ndi tsamba la nthochi. Shehe ananjuta, anaisisita pamphumi nthawi yaitali, kenako anafunsa mayiyo zimene mlangizi ananena. Abiti Sanudi anayang'ana kaye amuna ake, n'kunena zonse motsitsa mawu.

Che Makwinja anadula nkhaniyo. Anati alangizi amaopseza anthu kuti aoneke ophunzira, nyama ikaphikidwa bwino zonse zimafa, ndipo wogula wa kumsika akudikira kale ndi ngolo yake.

"Pepani, Che Makwinja, ndifunse nawo," anatero Shehe. "Inu ndinu Msilamu, kuzinga mumadziwa, mpeni muli nawo m'nyumbamu. Mwavutikiranji kupalasa njinga mpaka kwa ine?"

"Nyama ikazingidwa ndi inu anthu amagula osafunsa. Ndikazinga ndekha ayamba manong'onong'o."

"Nanga safunsa chifukwa chiyani?"

"Amakukhulupirirani, Shehe."

"Ndiye simunabwere kudzabwereka mpeni. Mwabwera kudzabwereka chikhulupiriro cha anthu, ndipo chimenecho si changa choti ndingabwereketse."

Nkhope ya Che Makwinja inasintha. Anakumbutsa Shehe kuti nawonso anakhalapo pa madrasa. Anawerengera pa zala kuti ng'ombe idakali moyo, magazi atuluka, dzina la Allah litchulidwa, ndiye chikuletsa n'chiyani? Anawonjezera kuti matendawa ndi chifuniro cha Allah, ndipo munthu wosauka sangaponye m'dzenje chuma chimene Allah wamusiyira.

Ine lilime linkandiyabwa, koma Shehe sanakweze mawu.

"Mwanena zoona, zonse zili m'manja mwa Allah. Koma chingwe chija chinali m'manja mwa yani?"

Thole linalira kuseri kwa mpanda.

"Tinalamulidwa kudya chololedwa chimene chilinso chabwino," anapitiriza Shehe. "Inu mwasunga mawu oyambawo, achiwiriwo mwawasiya panjira. Nyama iyi ikapita kumsika, adzagula ndi mayi wofuna kusangalatsa ana ake, atamva kuti anazinga ndi Ajasi. Dzina la Allah si nsalu yofunditsira chowola."

Kenako ananena chimene akanatha kuchita. Anati aimbire mlangizi, ndipo akatsimikiza kuti ng'ombe sichira, iwo aizinga tsiku lomwelo kuti ipumule ku ululu, koma aizingira m'mphepete mwa dzenje, ilowemo yathunthu, osachotsapo ngakhale chiboda. Abiti Sanudi anavomera ndi mutu, akulira. Che Makwinja anati khola ndi lawo, ndipo Shehe wosathandiza anthu ake abwerere ku simenti yake. Shehe anadzuka, anatsazika mwaulemu ngati wachokera pa chakudya, anabwerera.

Madzulo ake Che Makwinja anazungulira midzi yoyandikana nafe kufuna wina woti azinge. Sanam'peze. Pakamwa panga sipanatseke tsiku limenelo, pamjigo ndi pachigayo pomwe, ndipo sindichita nazo manyazi. Wogula uja naye atamva kuti Shehe akana, anabweza ngolo yake yopanda kanthu. Koma dzenje Che Makwinja anakanabe kukumba, akuyembekeza kuti wina apezeka. Ng'ombe inabuula mpaka mawa lake masana, n'kufa yokha. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti ululu wonsewo ukanafupika munthu mmodzi akanangoti ndalakwa.

Thole lija silinakhale pakhomopo. Lamulo la gulu ndi lakuti thole loyamba lalikazi limapita kwa banja lina limene likudikira ng'ombe, ndipo popeza linalibe mayi, analitenga msanga kuti likayamwe kwina. Khola linatsala lopanda kanthu. Abiti Sanudi tsopano amamweta nsenjere ya ng'ombe za eni kuti ana adye, amachoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo kusukulu anasiya atangoyamba kumene kulemba dzina lake popanda woligwira dzanja. Che Makwinja adakali wapampando. Pamisonkhano amauza anthu kuti ng'ombe yawo inafa ndi matenda achilendo.

Lachisanu lina titatuluka mu swala ya Ijuma, ndinawaona atayimitsa Shehe pakhomo la mzikiti, anthu akuvala nsapato. Ananena mokweza kuti onse amve.

"Shehe, mwanditayitsa ng'ombe yathunthu. Mukanangodutsitsa mpeni, bwenzi nditapezapo kangachepe. Kodi simukuona kuti muyenera kundipepesa?"

Shehe anamaliza kuvala nkhwaira zawo, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyankha mofatsa.

"Che Makwinja, inu mwataya nyama imene sinali yogulitsa. Ng'ombe inalipira ndi moyo wake, ndipo mayi a kunyumba kwanu akulipirabe m'makola a eni. Woti akupepeseni inu sindikumuona. Woti inu mukam'pepese mumadya chakudya chake tsiku ndi tsiku, ndipo mlandu umene munthu walakwira mnzake, Allah saufafaniza mwini wake asanakhululuke."