Njereza pa Dothi Lakuda

Ana inu, mawu amene akuluakulu timanena satuluka m'mwala. Aliwonse ali ndi pakhomo pamene anabadwira. Lero ndikuuzani za mawu ena amene akuti anabadwira m'nyumba ya a Chimbalanga ndi akazi awo a Nankhoma, kale ndithu, malata asanachuluke m'midzi ya ku Dowa.

Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, Tiyanjane, amene anakwatiwa kutali ku Kasungu. Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti Tiyanjane wabereka mwana wamwamuna, ndipo mwanayo akalimba pang'ono abwera naye kudzamuonetsa. Apongozi ake a Tiyanjane nawonso anali m'gulu la alendowo.

Chimwemwe chinadzaza pakhomo. Koma a Nankhoma atayang'anitsitsa m'nyumba mwawo, nkhope inagwa. Makoma anali atada ndi utsi, pansi panali patakumbikakumbika ngati posambira nkhuku.

"Bambo a Tiyanjane," anatero mayiwo, "mdzukulu wathu sangalowe m'nyumba yotere. Asewere athu adzati chiyani? Ine ndikufuna makoma oyera ngati a kutchalitchi, ndi pansi pozira bwino."

"Palibe chovuta," anayankha a Chimbalanga. "Mawa ndipita kukagula njereza yopaka makoma. Koma mundidikire. Tiyambe makoma, pansi pabwere pambuyo."

"Dothi lozira limachedwa kuuma, bambo. Ndikakudikirani, alendo adzaponda ponyowa."

Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo nkhaniyo inathera m'malere. M'mawa mwake bamboyo ananyamuka akuganiza kuti akazi awo amva. Mayiwo nawonso anatsala akuganiza kuti amuna awo amva.

A Nankhoma analitu katswiri pa kuzira. Anakakumba dothi lakuda kudambo, nalikanya, nalipaka pansi ndi manja. Litayamba kuuma anagwada ndi mwala wosalala, kukulungiza kuchokera kuchipinda mpaka pakhomo. Pansi panawala moti munthu ankaona chithunzi cha miyendo yake.

A Chimbalanga anachedwa, chifukwa njereza anakaipeza kuboma. Pofika anaima pakhomo, thumba lili paphewa.

"Ntchito yakoma iyi, amake Tiyanjane," anatero. "Yakoma mpaka ndikuopa."

Anasungunula njereza ija m'chidebe, napanga burashi ya khonje. Pansi anayalapo mphasa ndi masaka akale, ndipo anapaka mosamala ngati munthu wonyamula mazira. Koma njereza simva. Inadontha kuchokera kuburashi, inatsetsereka m'makoma, inalowa m'mipata ya mphasa. Pamene ankachotsa zoyala zija, makoma anali mbee, koma pansi panali mawangamawanga ngati nkhanga. Anayesa kupukuta ndi nsanza yonyowa. Dothi linafewa, banga lililonse nkusanduka chigamba chotuwa.

A Nankhoma atalowa anangoti kukamwa yasa. Anatuluka, nakakhala pakhonde. Amuna awo anawatsatira.

"Ndinayesetsa, mayi."

"Mawondo anga anasupuka pa dothi limeneli, bambo. Simukanatha kupaka osadonthetsa?"

"Ndikanadziwa njira yake ndikanatero."

Anakhala choncho, wina kuyang'ana uku, wina uko. Pa zaka zonse za ukwati wawo sanazolowere kukwiyirana chotere, ndipo zinawawawa onse awiri.

Chaka chimenecho mvula inali itachedwa kwambiri. Mbewu zinali zikudikira m'madengu, ndipo a Nankhoma tsiku ndi tsiku ankayang'ana kumwamba akudandaula. Ali chikhalire pakhonde paja, kunawomba kamphepo kozizira kochokera kum'mawa. Kunagunda. Madontho akuluakulu anayamba kugwa pafumbi, fungo la nthaka nkukwera.

Mayiwo anaiwala zonse. Anadzambatuka, nathamangira pabwalo akuimba nthungululu. Anatchera mtsuko kumene denga linkagwetsa madzi. Utayamba kudzaza anathamangira m'nyumba kukatenga wina, kenaka nkubwereranso kukatenga beseni. Ulendo wotsiriza anaima pakati pa nyumba nayang'ana pansi. Kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda kunali mapazi a matope ofiira, ndipo mapaziwo anali awo omwe.

A Chimbalanga anasuzumira pakhomo, akulimbana ndi kuseka.

"Amake Tiyanjane, mvula mwakhala mukuilira ija si imeneyi? Yabweratu ndi mbale wake."

A Nankhoma anayang'ana mapazi aja, nayang'ana mawanga a njereza, kenaka anaphulika kuseka mpaka misozi.

"Zoonadi, bambo," anatero akupukuta m'maso. "Walira mvula, walira matope. Ine ndinalira makoma oyera, osaganiza kuti njereza nayonso imagwa pansi ngati mvula."

Kutacha anayambanso, koma tsopano atagwirizana. Bamboyo anapakanso makoma momasuka, osaopa dontho lililonse. Makoma atauma anatenga khasu ndi dengu, napita okha kudambo, kumene mvula inali itafewetsa dothi. Iwo ankatuta ndi kukanya, akazi awo nkumazira. Dothi latsopano linakwirira mawanga onse. Kuti liume msanga anayatsa makala m'mbaula, namaisuntha m'nyumbamo.

Alendo atafika, apongozi ake a Tiyanjane anaima pakhomo, navula nsapato popanda wowauza. Khanda lija analigoneka pamphasa pakati pa nyumba yoyera, ndipo a Nankhoma anagwada pambali pake osafuna kudzukanso. Anthu a m'mudzimo atamva zimene zinachitika anatolapo ziwiri. Choyamba, ntchito ya m'nyumba imayambira kumwamba nkutsirizira pansi. Chachiwiri ndi mawu aja, amene anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kutifika ife.

Walira mvula, walira matope. Tanthauzo lake ndi lakuti chabwino chilichonse chimene ukuchifuna chimabwera ndi zovuta zake, ndipo sungalandire chimodzi nkukana chinzake. Wofuna chimanga adzapsa ndi dzuwa polima. Wofuna mwana adzachapa matewera. Munthu wanzeru saleka kupempha mvula chifukwa choopa matope. Amangodziwiratu kuti matopewo akubwera, nkukonza ntchito zake mwa dongosolo lakuti akafika asamuwonongere kanthu.