Wokonza mipope ndi mtsempha wodontha

Panali munthu wina wokonza mipope ya madzi, dzina lake Nyozani. Ntchito ankaidziwa, koma anali ndi chilema chimodzi. Mpope ukadontha pena pake, ankakumba bwalo lonse, maluwa ndi khonde lomwe. Madzi ankasiyadi kutayika, koma mwini nyumba ankatsala atagwira njakata.

Munthuyu anadwala kapamba zaka zambiri. Matendawo anadya mtsempha wina wa magazi m'mimba. Mtsemphawo unafufuma ngati chubu cha njinga, kenako n'kuyamba kudontha. Tsiku lina anasanza magazi, abale n'kuthamangira naye kuchipatala chachikulu.

Dokotala anati njira zilipo ziwiri. Ina inali kung'amba mimba, koma thupi linali litafooka moti mwina sakanadzukanso. Ina inali kuboola pang'ono pamphechepeche n'kulowetsa kachubu kowonda ngati ulusi.

Mkulu wake wa Nyozani anaikana njira yachiwiriyo. "Achimwene, opaleshoni yopanda chipsera si opaleshoni. Akung'ambeni, aone bwinobwino."

Koma Nyozani chidwi chinamukulira kuposa mantha. "Adokotala, ine pondipweteka ndi pamimba. Nanga kumwendoko mukukatani?"

"Mipope ya m'thupi ndi yolumikizana, bambo. Tilowera kuno, tikafike komwe kukudonthako."

Nyozani anavomera, mwina pongofuna kudzionera yekha. Sanamugoneke tulo. Anagona chagada, maso ali pakanema woonetsa za m'thupi, kumaona kachubu kakukwawa, kukhota apa, kukhota apo. Dokotala anapopera mankhwala oonetsa njira ya magazi, ndipo pamalo amodzi okha panafuka kautsi kakuda, kusonyeza podontha. Anatsekapo ndi timawaya topiringizika. Atapoperanso, kautsi kaja sikanaonekenso. Kapamba anatsala wodwalabe, koma munthu anapulumuka.

Bala linali laling'ono ngati nyemba. Nyozani analiyang'anitsitsa, manyazi atamugwira. "Chikhala ine," anatero, "bwenzi nditakumba munthu yense."

Tsono inu ankhoswe anzanga, ndikunena nanu. Banja likayamba kudontha, timathamangira kumemeza mudzi wonse, n'kufukula ndi za chaka chatha zomwe. Zimandipweteka, chifukwa mabanja ambiri amene taika m'manda sanafe ndi matenda awo. Anafera pampeni wathu. Yambani mwafunsa kaye pamene pakudontha. Mukapapeza, lowani mwakachetechete, mutseke pomwepo basi. Kwinako musakumbeko, poti anthu awiriwo ayenera kudzuka mawa n'kuyang'anana kumaso.