Tsiku Limene Nankhoma Analiridwa Ali Moyo

Pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wafumbi panali munthu wina wokonza njinga, dzina lake Kamphinda. Chuma a Kamphindawa analibe. Anali ndi masipanala atatu, pampu, beseni la madzi lofufuzira pobooka chubu, ndi akazi awo, Nankhoma, amene anakhala nawo zaka makumi atatu. Koma anali ndi dzina. Ku tchalitchi ndiwo ankaimirira kulengeza za maukwati, za odwala ndi za maliro. Mpingo wawo unali wa midzi yambiri, ina kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu atayamba kutumizirana mauthenga pa foni, ndiwonso ankalemba m'gulu la pa foni la mpingolo. Mawu awo sankafuna mboni.

Tsiku lina masana, ali mkati momata chubu, foni inalira. Woimbayo anali ndi mawu ozizira bwino, aulemu ngati mkamwini wa dzulodzulo. Anati ndi wa ku kampani ya mafoni, ndipo nambala ya a Kamphinda itsekedwa dzuwa lisanalowe akapanda kuilembetsanso. Anawauza kuti asavutike ndi ulendo wa ku boma, zonse zithera pa foni pomwepo. Anafunsa nambala ya chiphaso cha unzika. Anafunsa tsiku lobadwa. Kenaka anati, "Bambo, pa foni yanupo pafika timanambala, tandiwerengereni."

A Kamphinda anapukuta guluu ku zala, natulutsa chiphaso m'thumba la malaya, nawerenga zonse pang'onopang'ono, mobwereza, kuti munthu wa ku ofesi asalakwitse. Mwini njinga anali chiimire akuyang'ana dzuwa. Ndipo pomaliza, tamvani izi, anathokoza! "Zikomo kwambiri, achimwene, mwandipulumutsa ulendo." Inu mukusekanu, musaseke kwambiri. Tonsefe tinaleredwa kuti munthu waulemu akatifunsa sitimuyankha ndi funso, ndipo akuba anazidziwa kalekale zimenezo.

Madzulo ake foni inangoti zii. A Kamphinda anati ndi netiweki, paja kumudzi imabwera ikafuna. Anakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, foni m'mwamba, osaphula kanthu. Anaiponya m'thumba. M'mawa mwake sanapite kumsika, anapita ndi akazi awo kudimba kukakumba mbatata, ndipo anakhalako masiku awiri. Sanadziwe kuti nambala yawo inali itasamukira m'manja mwa munthu wina, pamodzi ndi dzina lawo, chithunzi chawo, ndi anthu onse a m'magulu a mpingo ndi a pachibale.

Wakubayo sanali wopusa. M'gulu sanalembe kanthu. Anatenga anthu mmodzimmodzi, aliyense payekha, n'kumulembera m'dzina la a Kamphinda kuti Nankhoma atisiya mwadzidzidzi ku chipatala cha ku boma, ndipo pakufunika thandizo la bokosi ndi galimoto. Pansi pake anawonjeza kuti, "Musauze munthu kaye, amfumu sanauzidwe." Apa ndi pamene panagona ukathyali wake. Ndani sadziwa kuti maliro saliridwa mfumu isanamve? Aliyense anatumiza kangachepe kake, natseka pakamwa, nalira chamumtima. Ena atadutsa pamsika n'kuona pansi pa mtengo wa mango palibe wokonza njinga, anati zoonadi, bambo aja ali ku chipatala.

Nankhoma anali ndi mkulu wawo, a Elube, amene ankakhala kutali, kuseri kwa phiri. Iwowa foni analibe. Mwana wawo wa ku tauni ndiye analandira uthengawo, ndipo atatumiza thandizo lake anaimbira oyandikana ndi mayi ake kuti awanong'oneze, awauzenso kuti adikire kaye.

"Ndidikire?" anatero a Elube. "Mng'ono wanga wa bere limodzi, ine ndikhale pano ndizidikira foni?"

Anamanga ufa pa chitenje, nakwera kabaza m'mamawa. Atatsika pa mphambano anasenza katundu wawo, ndipo monga mwa mwambo anauyamba mfuu ali m'njira, nyumba isanaoneke n'komwe. "Mayo ine, mng'ono wanga! Wandisiya ndi yani ine!"

Nankhoma anali pabwalo akuyanika ufa pa mphasa. Atamva mawu a mkulu wawo mtima unagwa, anathamanga kukawachingamira. "Akulu, kwagwanji? Wamwalira ndani?"

A Elube anaima chilili. Katundu anagwa, ufa n'kuti mbwee m'njiramo. Anamugwira mng'ono wawo m'mapewa, kumaso, m'manja, ngati akusankha dzungu. "Iweyo," anatero. "Akuti wamwalira ndiwe."

Mfuu uja unali utaitana kale anthu. Pasanathe nthawi bwalo linadzaza, ndipo amene anali ndi uthenga uja m'mafoni mwawo anayamba kuonetsana. Dzina linali la a Kamphinda. Chithunzi chinali cha a Kamphinda, atavala jekete lawo la pa Sabata. A Kamphinda anatulutsa foni yawo yakufayo, nalumbira kuti sanalembe kanthu. Anthu anagwedeza mitu nabalalika, koma pobalalikapo ankanong'onezana. Ena anati umphawi wawapweteka bambowa, afuna kudyera pa mtembo wa akazi awo. Ena anati ayi, zimenezi n'zokhwima, munthu salengeza imfa ya wamoyo popanda sing'anga kumbuyo kwake, dikirani muone ngati Nankhoma afike chaka chamawa.

A Kamphinda analowa m'nyumba nakhala pa mpando, mutu pansi. Apa anali atakumbukira mawu ozizira aja ndi timanambala tija, ndipo anadziwa pamene panalowera mphepo. Manyazi anawagwira. Munthu wamkulu, wolengeza mu mpingo, akaime pagulu n'kunena kuti ananamizidwa ngati mwana? Mumtima anati bola kukhala chete, nkhani imatha yokha. Kuchipinda Nankhoma ankalira, akuti kuliridwa uli moyo ndi malodza.

A Elube ndiwo analowa, nakhala pansi pafupi ndi chitseko. "Alamu," anatero, "ine ndimakudziwani, simungachite zimenezi. Koma pamene mwakhala panopa, munthu ujatu akulembabe. Inu mukakhala chete, a Kamphinda ndi iyeyo."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lomwelo a Kamphinda anapalasa njinga mpaka ku boma. Anayambira ku polisi, nafotokoza zonse osabisa, napatsidwa kalata. Anapita nayo ku ofesi ya kampani ya mafoni pamodzi ndi chiphaso chawo. Mayi amene anawathandiza anayang'ana chiphaso, nayang'ana nkhope, natseka njira ya wakuba ija, n'kuwabwezera nambala yawo. Anawasinthitsa nambala yachinsinsi, nawauza kuti wa ku ofesi weniweni safunsa timanambala timeneto pa foni. A Kamphinda anathokozanso, ulendo uno moyenera. Nambala inabwerera tsiku limodzi, koma pobwerera kumudzi anaona kuti anthu amene ankawapatsa moni patali tsopano akuyang'ana kumbali.

Akanatha kulemba m'gulu kuti uthenga uja unali wabodza. Nanga akanakhulupirira ndani? Foni yomweyo ndi imene inanama dzulo. Choncho m'mawa mwake anapopa matayala, napinda bulangeti pa kaliyala, nati, "Nankhoma, valani chitenje chanu chabwino. Kulikonse kumene munafa, mukaukeko."

Anayenda masiku atatu. Anawoloka mtsinje atanyamula njinga paphewa, anakankha pa zitunda, anapalasa m'tinjira ta m'minda, Nankhoma ali phee pambuyo. Pakhomo lililonse pamene uthenga uja unafika ankaimika njinga, n'kuvula chipewa, n'kunena mawu omwewo: "Awa ndi Nankhoma, ali moyo. Uthenga uja sindinalembe ine. Koma khomo ndinatsegula ndine. Munthu anandiimbira, ndinamuwerengera chiphaso changa ndi timanambala ta pa foni, ndipo ndinamuthokoza. Ndinapusa, mundikhululukire."

Mawu otsirizawo ankawawa pakhomo loyamba, ankawawabe pakhomo la makumi awiri. Ena anaseka mpaka kugwira m'mimba. Azimayi ena anamukumbatira Nankhoma n'kulira kachiwiri. Mphunzitsi wina anawatengera pambali n'kunong'ona kuti mawu ozizira omwewo anamuimbira iyenso dzana, ndipo chiphaso anali atachitulutsa kale, foni ndiyo inatha moto. Koma pakhomo la mayi wina wamasiye, Nagama, wogulitsa matimati, zinavuta. Mayiyu anali atagulitsa nkhuku zake ziwiri, zokhazo zimene anali nazo, kuti atumize za bokosi. Anamva mawu onse a a Kamphinda, nayang'ana Nankhoma nthawi yaitali, n'kulowa m'nyumba. A Kamphinda anakwera njinga, nabwerera kwawo.

Pa Sabata sanapite pamalo awo a kutsogolo. Anakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, pepala la zolengeza atalipereka kwa mkulu wina wa mpingo. Nthawi ya zolengeza itakwana, mkulu uja asanaimirire n'komwe, kumbali ya azimayi kunaimirira Nagama.

"Ine ndinagulitsa nkhuku zanga kuti mnzanga agone m'bokosi," anatero. "Lachisanu ndinamuona pakhomo panga ali pa kaliyala, akundipatsa moni. Mawu anandithawa, ndinakalirira m'nyumba. Nkhuku zipite, ndine wothokoza kuti bokosi lija lilibe mwini. Ndipo ndinene, wakuba sabwera pakhomo pako ndi thukuta kudzati wopusa ndine. A Kamphinda, bwerani kutsogolo kuno, tikudikira zolengeza."

Azimayi anayamba nthungululu. A Kamphinda anayenda kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, misozi ikutsika, osaipukuta. Analandira pepala lija, koma sanaliwerenge msanga. Anati, "Ndisanalengeze, ndithokoze. Ndithokoze Mulungu. Ndithokoze alamu anga amene anakana kulira ali kutali. Ndithokoze inu nonse amene munanditsegulira zitseko ndili ndi manyazi." Atatero anapukuta m'maso, nalengeza ukwati wa mwezi wamawa, ndipo anthu analemba tsikulo.

Abale anga, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzina lako masiku ano limakwana m'timanambala towerengeka, ndipo amene watitenga akhoza kupita nalo kwa abale ako onse iwe uli kudimba. Chiphaso chanu, tsiku lanu lobadwa, nambala yachinsinsi, timanambala tofika pa foni, musawerengere munthu amene simukumuona, kaya ndi waulemu chotani. Dulani foniyo, mupite nokha ku ofesi. Uthenga wopempha thandizo ukafika m'dzina la m'bale, muimbireni mumve mawu ake, kapena tumani phazi, makamaka ukati musauze munthu. Zikakugwerani, musagone nazo: ku polisi, ku ofesi, kenaka kwa anthu anu, ndi pakamwa panu. Ndipo mnzanu akafika pakhomo panu atasenza manyazi ake, musamuonjezere katundu. Mutulutsireni mpando.